Chithunzi chofiira cha Mfumu Charles: wojambula sadalakwe

Pa 14 May 2024, m'nyumba yachifumu ya Buckingham ku London, Mfumu Charles idasolola nsalu yomwe idaphimba chithunzi chake chatsopano, ndipo tsiku lomwelo anthu pa intaneti adayamba kuchinyoza. Chithunzicho n'chachikulu, kutalika kwake kupitirira mamita awiri, ndipo adachijambula ndi Jonathan Yeo ndi utoto wa mafuta. Mfumu yaima itavala yunifolomu ya asilikali a Welsh Guards, manja ali pa lupanga, kagulugufe kakuuluka pafupi ndi phewa. Koma yunifolomuyo, mamendulo ndi zonse zakumbuyo zamira m'mtundu umodzi wofiira psuu, moti chimene chatsala poyera ndi nkhope ndi manja basi. Ena adati mfumu ikuoneka ngati ikupsa ku gehena, ena adati yasamba magazi a anthu amene ufumu wa Britain udapha m'nthawi ya atsamunda. Patangotha sabata imodzi, magazini ya Tatler idatulutsa pachikuto chake chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, chojambulidwa ndi Hannah Uzor, mayi wobadwira ku Zambia amene amakhala ku Britain. Apanso mkuwo udali womwewo: ameneyu ndani, bwanji sakufanana?

Mkangano umenewu sutha, umangosintha dzina la wojambulidwa, ndiye mbali yanga ndiinene msangamsanga. Yeo sadalakwe. Munthu amene wapatsa mmisiri wa utoto ntchito yoti amujambule masiku ano, foni ili m'thumba, sakugula nkhope yake, chifukwa nkhopeyo ali nayo kale ndipo kamera ikhoza kumupatsa ulere. Akugula maso a munthu wina, zimene mmisiriyo waona ndi kuganiza atakhala naye maola ambiri. Choncho kusintha kumene kudachitika pa lusoli, kuchoka pa zithunzi zosalala zokometsera mabwana kufika pa zamakono zimene zimasintha mitundu ndi maonekedwe mwadala, ndiko kudalipulumutsa kuti lisafe. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simugwirizana nane, ndipo zifukwa zanu si zachibwana ayi, n'chifukwa chake ndikufuna kuziyankha chimodzichimodzi.

Tisanafike pa zifukwazo, ndi bwino kudziwa chimene chidachititsa kuti utoto wa mafuta ukhale wojambulira nkhope za anthu. Utotowu ndi ufa wamitundumitundu, wina wochokera ku dothi, wina ku miyala yoperedwa, wosakaniza ndi mafuta oyengedwa ku njere za mbewu ya fulakisi. Khalidwe lake lalikulu ndi loti suuma msanga. Umatenga masiku kuti uume pamwamba, ndi miyezi kuti ulimbe mpaka m'kati. Kuchedwa kumeneku ndiko phindu lake: mmisiri akhoza kupaka lero, mawa n'kudzafafaniza, kusakaniza mitundu pansalu pomwepo, kenaka n'kumayala utoto wopyapyala pamwamba pa unzake kufikira khungu lioneke kuti pansi pake pakuyenda magazi. Jan van Eyck wa ku Flanders, dera lomwe lero lili ku Belgium, adaonetsa mphamvu ya utotowu m'zaka za m'ma 1430. Pachithunzi chake cha mu 1433 cha bambo wokulunga nsalu yofiira kumutu, chomwe chili ku National Gallery ku London, munthu amatha kuona ndevu zongomera kumene ndi kufiira kwa m'diso. Kwa zaka 400 zotsatira, mfumu, papa kapena wamalonda wolemera akafuna kuti adzukulu ake adzadziwe nkhope yake, ankaitana mmisiri wa utoto kapena wosema miyala. Wosauka ankangofa, nkhope yake n'kupita naye.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi imene aliyense amayamba nayo: chithunzi cha munthu chizifanana ndi mwini wake. Iwo amati akale ankajambula munthu monga alili, nanga amakonowa akutipatsiranji zokhotakhota? Pempholi n'lomveka, pakuti chithunzi chimene mkazi wako sangakuzindikirepo chili ndi mlandu woti chiyankhe. Koma mfundoyi yatsamira pa chinthu chosaona, chakuti akale ankanena zoona. Ambiri a iwo ankanama, ndipo ankalipidwa bwino chifukwa cha bodzalo. Anthony van Dyck adajambula kambirimbiri Henrietta Maria, mkazi wa Mfumu Charles woyamba wa ku England, ali chiphadzuwa. Sophia, mwana wa mlongo wa mfumuyo, yemwe ankawadziwa mayiwo kudzera m'zithunzizo, atakumana nawo maso ndi maso adadabwa kupeza mayi wamfupi, wa mikono yoonda ndi mano otulukira kunja, ndipo adazilemba zimenezi. Jacques-Louis David adajambula Napoleon mu 1801 akuoloka mapiri a Alps pa kavalo wolusa woimirira ndi miyendo yakumbuyo, chikhalirecho ulendowo adauyenda pa nyulu wina akumutsogolera, ndipo Napoleon adakana n'komwe kukhala pansi kuti amujambule. Tsono tikamati tibwerere ku zakale, tidziwe kuti tikupempha chikomekome cha mkuyu. Chimene timachitcha kufanana nthawi zambiri chimakhala kukometsera.

Chachiwiri pa mfundo yomweyi n'chakuti ntchito yosunga nkhope idalandidwa kalekale. Mu 1839 ku Paris adalengeza njira ya Louis Daguerre yojambulira ndi kamera, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1850 munthu wamba ankatha kulowa mu situdiyo n'kutuluka ndi tizithunzi totchipa togawira abale. Mu 1888 Kodak idayamba kugulitsa kamera yoti aliyense anyamule m'manja. Mmisiri wa utoto adatsala ndi funso lowawa: ngati makina akuchita m'kamphindi chimene ine ndimachita miyezi itatu, ndidyera chiyani? Ambiri mwa amene adasankha kupikisana ndi makinawo adaiwalika. Amene adafunsa kuti kodi kamera imalephera chiyani ndiwo adayambitsa zimene tikuzitcha luso lamakono. Mu 1905 Henri Matisse adajambula mkazi wake Amélie n'kudutsitsa mzere wobiriwira kuchokera pamphumi kutsikira pamphuno, tsaya lina lachikasu, lina lofiirira. Kulibe mayi wa mphuno yobiriwira, Matisse ankadziwa. Koma mzerewo ndi umene wagawa kuwala ndi mthunzi, ndipo nkhopeyo imaima pansalu molimba kuposa ikadapakidwa mtundu wa khungu. Tisapite kutali, tulutsani chiphaso chanu cha unzika muchiyang'ane. Kamera sidaonjeze kanthu, sidachotse kanthu, mphuno ndi yanu, makutu ndi anu. Nanga bwanji ambirife timachibisa n'kumati apa sadanditole bwino, si ineyo ameneyu? N'chifukwa choti anthu amakudziwani ndi momwe mumapendeketsera mutu mukamamvetsera, ndi momwe mumafinyira milomo musanakane chinthu, ndipo izi amaziona ndi amene wakhala nanu nthawi, osati makina amene akuthwanimirani sekondi imodzi muli pamzere padzuwa.

Apa ndivomere chinthu chimodzi, otsutsa angati ndikuzemba. Pali kusafanana kochita kusankha, palinso kusafanana kolephera. Pamene chiboliboli cha Bingu wa Mutharika chidaoneka koyamba pa Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, anthu adadandaula kuti nkhopeyo si yake, ndipo dandaulo lotero n'loyenera, chifukwa chiboliboli chachikumbutso cha mtundu umenewo chimalonjeza kufanana basi, chikalephera pamenepo chilibe pothawira. Chithunzi cha Uzor nachonso, m'kuona kwanga, chidafooka pankhope, ndipo chifukwa chimodzi n'chodziwika: Catherine sadakhale pansi kuti ajambulidwe, mayiyo adadalira zithunzi ndi mavidiyo. Koma cha Yeo n'china. Phimbani kufiira konseko ndi manja, musiye nkhope yokha, mupeza Charles weniweni, makwinya ake, maso otopa a munthu amene adadikira mpando zaka 70. Adakhala pamaso pa Yeo kanayi, kuyambira June 2021 mpaka November 2023. Ntchito idayamba ali kalonga n'kutha ali mfumu, ndipo kagulugufe kaja kakunena za kusinthako pamodzi ndi chidwi chake pa zachilengedwe. Choncho anthu sadakwiye chifukwa chosamuzindikira. Adakwiya chifukwa mmisiri adamiza mamendulo, zinthu zimene zithunzi zachifumu zimakonda kuwalitsa, n'kutisiyira nkhalamba yokhayokha kuti tiyang'anizane nayo.

Mfundo ina, yomwe imanenedwa monyoza koma ili ndi mano, ndi yakuti luso lamakono ndi pobisalira anthu osatha kujambula. Mwana wanga wa sitandade 3 akhoza kuchita zimenezi, amatero ambiri akaona nkhope za Pablo Picasso za maso awiri mbali imodzi. Yankho lake lili ku Barcelona, m'nyumba yosungira ntchito za Picasso. M'menemo muli chithunzi chachikulu cha mu 1897 cha dokotala atagwira mkono wa mayi wodwala pakama, sisitere ataima pambali atanyamula mwana. Zala, makwinya a zofunda, kufooka kwa wodwalayo, zonse zili m'malo mwake monga sukulu zakale zinkafunira. Adachijambula Picasso ali ndi zaka 15. Munthu ameneyu ankatha kufanizira asanayambe n'kumeta ndevu komwe, ndiye zimene adachita pambuyo pake adachita dala. Mu 1905 adayamba kujambula Gertrude Stein, mayi wa ku America amene ankakhala ku Paris. Mwini wake ankati adakhala pampando maulendo pafupifupi 90, koma Picasso adafafaniza nkhope yonse n'kupita kumapiri a ku Spain, ndipo atabwerako mu 1906 adaijambula mayiyo palibe: nkhope yolimba, yosamwetulira, diso lina lalikulu kuposa linzake. Anthu atati sakufanana, zimanenedwa kuti adayankha kuti adzafanana. Stein adachisunga chithunzicho mpaka imfa yake mu 1946, n'kuchisiyira Metropolitan Museum ku New York. Mayi wanzeru zake sakadasunga kwa zaka 40 chinthu chomunyoza.

Komabe sindikukana kuti achinyengo alipo. Msika wa zojambula ku London ndi New York uli ndi ndalama zambiri, ndipo pali anthu amene amamwaza utoto pansalu, n'kulemba pambali Chingerezi chovuta, wogula n'kuopa kufunsa poopa kuoneka wosaphunzira. Koma chinyengo chilinso mbali inayi. Kutenga chithunzi cha pafoni, kuchidula m'timabokosi, n'kumakopera bokosi ndi bokosi pansalu ndi ntchito yofuna kuleza mtima, inde, koma mulibe kuganiza kulikonse, ndipo anthu timaombera m'manja kuti chikuoneka ngati cha kamera. Ngati ndi choncho, bwanji osangosunga cha kameracho? Muyeso wanga pa chithunzi chilichonse, chakale kapena chamakono, ndi umodzi: chimene mmisiri wasintha chikugwira ntchito yanji? Rembrandt, mmisiri wa utoto wa ku Holland, m'zithunzi zimene adadzijambula yekha atakalamba ndi kusauka, asanamwalire mu 1669, ankaunjika utoto wokhuthala pamphuno ndi pamphumi moti ukayandikira umangoona zibuma. Ukabwerera m'mbuyo masitepe atatu, zibumazo zimasanduka khungu la munthu amene moyo wamupana. Kumeneko n'kusintha kogwira ntchito, ndipo adakuchita zaka 170 kamera isanabwere.

Tsono tifike pa mfundo imene ndikuganiza kuti ndiyo ili pansi pa zonsezi, makamaka kwa ife amene tidaleredwa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso: ulemu. Otsutsa amati mfumu, papa kapena mtsogoleri wa dziko si munthu wamba, chithunzi chake chimaimira mpando, ndiye si malo oti mmisiri aonetserepo nzeru zake. Mfundoyi ndimaimvetsa. Koma taonani chimene chidachitika ku Rome mu 1650. Diego Velázquez wa ku Spain adajambula Papa Innocent X atakhala pampando wofiira, kumbuyo nsalu yofiira, chipewa chofiira, chovala cha m'mapewa chofiira, nkhope nayo yofiirira, maso okayikira aliyense, kukamwa kwa munthu wosachedwa kupsa mtima. Zimanenedwa kuti papayo atachiona adati chanena zoona mopyola. Sadachiotche, banja lake lidachisunga, ndipo chikadali m'nyumba ya banjalo, ya Doria Pamphilj. Apapa a nthawi imeneyo ambiri adaiwalika pamodzi ndi zithunzi zawo zaulemu, koma uyu anthu amapita kukamuona. Ndiye kumiza wamkulu m'kufiira sikudayambe ndi Yeo. Mu 2001 Lucian Freud adapereka kachithunzi kakang'ono ka Mfumukazi Elizabeth, kosafika kukula kwa pepala la m'kope, nkhope yolemera, chibwano chamthunzi, chisoti chachifumu chitatsindikira mutu. Manyuzipepala ena a ku Britain adati n'chipongwe. Ine ndimaona mayi amene wasenza katundu zaka 50 osatula, ndipo sindikudziwa ulemu woposa kuvomereza kuti katunduyo ankalemera.

Ife a ku Malawi nkhani ya chithunzi cha wamkulu timaidziwa kuposa ambiri. M'nthawi ya Kamuzu Banda chithunzi chake chinkapachikidwa m'maofesi ndi m'masitolo, chinali pansalu za amayi ndi pandalama, ndipo mpaka lero boma likasintha, mafelemu a pakhoma amasintha. Zithunzi zoterozo zonse n'zofanana: khungu losalala, maso oyang'ana patali, palibe kutopa, palibe mantha, palibe kukayika. Ntchito yake n'kukumbutsa wolowa m'chipindamo kuti mwini dziko ndani, osati kumuuza kuti munthuyo ngotani. Yerekezani ndi zimene zidachitika ku Washington mu February 2018. Kehinde Wiley, yemwe bambo ake ndi a ku Nigeria, adajambula Barack Obama atakhala pampando wamtengo pakati pa masamba obiriwira, muli maluwa oimira Kenya, Hawaii ndi Chicago, opanda mbendera, opanda desiki. Amy Sherald adajambula Michelle Obama ndi khungu lotuwa ngati la pa zithunzi zakale zopanda mitundu, monga amachitira ndi anthu akuda onse amene amawajambula, pofuna kuti woona asayambire pa mtundu wa khungu. Kudali kudandaula komweku, kuti sakufanana, kuti ulemu wa mpando uli kuti. Koma anthu adakhamukira ku National Portrait Gallery mpaka chithunzi cha Michelle adachisamutsira m'chipinda chokulirapo. Pakati pa chithunzi chimene anthu amaima pamzere kuti achione ndi chimene amachidutsa osacheuka, chapereka ulemu n'chiti?

Pali ena amene amati zonsezi ndi zachizungu, ife tili ndi maso athu, ndipo maso athuwo amafuna chinthu chooneka bwino. Iyi ndiyo mfundo yofooka kwambiri, chifukwa mbiri yaitembenuza chadodolido. Mu 1907 Picasso adalowa m'nyumba ya Trocadéro ku Paris, momwe ankasungamo zosema zochokera ku Africa ndi kuzilumba za Pacific, zambiri zotengedwa m'nthawi ya atsamunda. Iye, Matisse ndi anzawo adaphunzira kwa osema a kumadzulo ndi pakati pa Africa kuti nkhope ikhoza kutalikitsidwa, kuphwanyidwa, kupakidwa mtundu uliwonse, n'kunena zambiri kuposa nkhope yeniyeni. Mayina a osemawo palibe adawalemba, ndipo limenelo ndi dandaulo loona. Koma kunena kuti nkhope yosinthidwa dala ndi yachilendo kwa ife n'kuiwala bwalo la kwathu. Gule wamkulu, amene UNESCO idamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi Chadzunda wa nkhope yakuda bii, yamakwinya, mano apataliapatali, ali ndi Simoni wofiira ngati mzungu amene dzuwa lamuotcha. Amene adafikako ku Mua, ku malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, adaona nkhope zoterezi mazanamazana. Palibe amafunsa pabwalo kuti kodi Simoni akufanana ndi ndani kwenikweni, aliyense amamva chimene akunena. Chimene chidabwera ndi sitima ndi chinachi, chithunzi chosalala cha mfumu ya ku England m'felemu pakhoma la ofesi ya DC.

Mfundo yolimba kuposa zonse ndaisunga, ndipo ndi ya ndalama. Wolipira ndiye mwini chinthu. Ukapita kwa telala n'kunena kuti ndikufuna diresi la manja aatali, sakusokera lopanda manja n'kumati limeneli ndiye luso. Nanga mmisiri wa utoto ndani kuti alandire ndalama zanga n'kundipatsa zofuna iye? Nkhani yotchuka pa mfundoyi ndi ya Winston Churchill, nduna yaikulu imene idatsogolera Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1954, pokondwerera kuti wakwanitsa zaka 80, aphungu a nyumba zonse ziwiri za malamulo adasonkha ndalama n'kutuma Graham Sutherland kuti amujambule. Sutherland adajambula chimene adaona: nkhalamba itatitimira pampando, manja atagwira mikono ya mpandowo, thupi litatha koma chibwano chikukanabe kugonja. Churchill adali atadwala sitiroko chaka cham'mbuyo mwake, ndipo anthu sadauzidwe. Pamwambo wopereka mphatsoyo ku Westminster Hall pa 30 November, iye adanena monyogodola kuti chidali chitsanzo chodabwitsa cha luso lamakono, holo yonse n'kufa nacho chiseko. Chithunzicho chidapita kunyumba kwake ku Chartwell, sichidaonekenso, ndipo mu 1978, mkazi wake atamwalira, zidaululika kuti chidaonongedwa kalekale. Zoterezi sizidathe. Mu March 2025 Donald Trump adadandaula kuti chithunzi chake cha m'nyumba ya malamulo ya Colorado, chojambulidwa ndi Sarah Boardman, adachiipitsa dala, ndipo chidachotsedwa. Chodabwitsa n'chakuti chimenechi sichidali chamakono n'komwe, chidali chachikale, chofatsa, cha suti ndi tayi. Wamphamvu akakana chithunzi, kawirikawiri vuto silikhala luso lamakono.

Yankho langa kwa a mfundo ya telala ndi ili. Wolipira ali ndi ufulu waukulu, koma ufuluwo uli poyambirira: kusankha mmisiri, kuona ntchito zake zakale, kukambirana naye, ngakhale kumukana. A Drapers' Company, bungwe lakalekale la amalonda a nsalu ku London lomwe lidatuma Yeo mu 2020, ankadziwa amene akumutuma, pakuti adali atajambula kale Prince Philip (bambo ake a Charles), Camilla (mkazi wa Charles), Tony Blair ndi Malala Yousafzai. Ukasankha munthu chifukwa cha maso ake, sungamuuzenso kuti atsinzine. Kusiyana kwina n'kwakuti diresi umavala wekha ndipo limang'ambika, pomwe chithunzi cha mtsogoleri chimatsalira anthu amene sadabadwe. Aphungu aja ankalemekeza Churchill wa nkhondo, koma mbadwo wa lero ukadapindula kuona Churchill wa 1954, amene adatula pansi udindo patangotha miyezi yochepa. Banja lidateteza maonekedwe a bambo awo, dziko lidataya umboni. Ndipo tikaumirira kuti mmisiri azingomvera, amisiri abwino amathawa. John Singer Sargent, amene olemera a ku London ndi Boston ankalimbirana kuti awajambule, adatopa n'kusiya kulandira maoda ambiri otere cha m'ma 1907, ndipo zimanenedwa kuti ankaseka kuti chithunzi cha munthu ndi chojambula chimene pakamwa pake nthawi zonse pamakhala palakwika pang'ono. Amayi ndi azakhali a wojambulidwa ankabwera kudzayendera ntchito, aliyense ndi pake pofuna kukonza.

Kumbali inayo kuli achinyamata amene amati tonse tikukangana pa maliro, utoto wa mafuta udatha, foni imajambula bwino ndipo kompyuta ikhoza kukupangira chithunzi chooneka ngati cha Rembrandt usanamalize kumwa tiyi. Awa ndiwayankhe mwachidule. Kompyuta imakupatsa chimene wapempha, ndipo anthu timapempha kukongola, ndiye yangotenga malo a Van Dyck, bodza lomwe lija koma lotchipa. Chimene singachite n'kukhala nawe m'chipinda maola awiri, kuona kumwetulira kwa pa kamera kukutha pakadutsa mphindi khumi, mapewa akugwa, nkhope ya masiku onse ikutuluka. Ndipo utotowu sudafe. Amoako Boafo wa ku Ghana amajambula khungu la anthu akuda ndi zala zake m'malo mwa burashi, mizere ya zala n'kumaoneka pankhope. Lynette Yiadom-Boakye, wobadwira ku London kwa makolo a ku Ghana, amajambula ndi mafuta anthu amene kulibe, ongochokera m'mutu mwake, ndipo Tate Britain, nyumba yosungira zojambula ku London, idamukonzera chionetsero chachikulu mu 2020. Pamenepo funso loti akufanana ndi ndani lilibe pogwira, koma ukaima patsogolo pawo umaona ngati udakumanapo nawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa mkangano wonsewu ndi anyamata ndi atsikana athu amene ali ndi dzanja. Alipo ambiri, ena amagulitsa zithunzi za nyanja ndi dzuwa lolowa kwa alendo m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ena amajambula mitu yometa pa makoma a malo ometera, ena amalandira maoda pa WhatsApp. Kasitomala amatumiza chithunzi cha pafoni cha abwana amene akupuma pantchito kapena cha mayi amene adatisiya, n'kuonjezera malangizo: muyeretseko khungu pang'ono, muchotse makwinyawo, mimbayo muibweze. Mmisiri amamvera, chifukwa lendi siidikira, ndipo pakatha zaka khumi dzanja lake limakhala litazolowera kusalaza, maso ake ataleka kufunsa. Sindikumuimba mlandu. Kukhazika munthu pampando maulendo anayi, kugula utoto wochokera kunja ndi nsalu yake, kudikira miyezi kuti ziume, zonsezi zimafuna ndalama zimene banja wamba lilibe. Amene angathe kulipira ndi mabanki, mipingo, mayunivesite, makhonsolo ndi Nyumba ya Malamulo, omwe ali ndi makoma aatali ndi atsogoleri opuma chaka ndi chaka. Akadatuma mmisiri mmodzi wa konkuno, n'kumulola kukhala ndi bishopu kapena jaji wopumayo, n'kulonjeza kuti sadzamuuza pokonza pakamwa, mwina ena tikadakwiya nacho chotulukapocho, koma tikadakhala ndi chokangana chathuchathu. Pakadali pano ambiri amangotenga chithunzi cha kamera, kuchikulitsa, n'kuchiika m'felemu yopaka golide.